Nambala ya Bambo

Mayi wa webusaiti, wopanga masamba a pa intaneti, anafika pa shopu pathu tsiku limene tinalibe ntchito, ndipo ine ndinachita manyazi ngati munthu amene alendo amupeza asanasese. Malume anali pa makina osokera, akulumikiza zidutswa za nsalu zopanda mwini kuti phazi lisaiwale chopondera. Masiponji anali ataunjikana pakona mpaka kudenga. Pakati pa chipinda panali sofa imodzi yokha yong'ambika mimba, imene mwini wake anaisiya kalekale osabweranso. Ntchito yathu ndi imeneyo: timavula mipando ya sofa nsalu yakale, kusintha masipuling'i ndi siponji, n'kuiveka yatsopano.

Shopuyo anaiyambitsa ndi bambo anga ine ndisanabadwe. Anthu anaiwala dzina lawo lenileni, ankangoti a Masofa, ndipo iwo ankavomera. Chaka chatha anagwa pambali pa tebulo lodulira, sizasi ili m'manja. Madokotala anati ndi sitiroko. Anadzuka, tithokoze Mulungu, koma dzanja lamanja ndi mwendo zinafooka, ndipo mawu anapita. Kumva amamva zonse, kuwerenga amawerenga, koma akafuna kulankhula milomo imangonjenjemera, n'kutuluka kaphokoso kamene ngakhale amayi, amene akhala nawo moyo wawo wonse, amalephera kukamasulira. Motero shopu inagwera ine, mwana wawo wamkazi, amene ndinakulira pa zinyenyeswa za siponji.

Bambo sanasiye kubwera. M'mawa uliwonse malume, mchimwene wa amayi, ankawatenga pa galimoto yathu yonyamulira mipando n'kuwakhazika pa mpando wawo pafupi ndi khomo, ndodo ili pakati pa miyendo, malaya atawasita amayi mpaka kuwala. Ankakhala pomwepo mpaka madzulo kuyang'ana shopu yawo ikuuma. Kalipentala wathu anali atachoka kale kupita kwa ena, ndipo sindinamuimbe mlandu, munthu sadya ulemu. Ndinkadziwa kuti zinthu zikapanda kusintha, chaka sichitha tisanakhome chitseko. Mashopu a ana a dzana ankapeza ntchito za mahotela ndi maofesi chifukwa chakuti munthu akawafufuza pa intaneti ankawapeza, pamene ife tinkadalira chikwangwani chofufuma cha pamwamba pa khomo. N'chifukwa chake ndinaitana mayi uja.

Anali wa msinkhu wanga, wovala magalasi, wolankhula mosathamanga. Anagwada pang'ono popereka moni kwa bambo, ndipo atagwira dzanja lawo lamanzere sanachite nkhope ya chisoni imene anthu ambiri amachita. Pamenepo ndinamukonda. Ine ndinali nditakonzeka kumuuza mitundu imene ndimaifuna, koma iye laputopu sanaitsegule n'komwe. Anapempha chikatoni ndi choko chathu cholembera pa nsalu.

“Za mitundu tidzakambirana kumapeto, asisi,” anatero. “Mundiuze kaye, mukufuna akupezeni ndani?”

“Aliyense amene ali ndi mpando,” anayankha malume osasiya kusoka. “Ngakhale amene alibe, abwereke.”

Mayiyo anaseka, n'kuyamba kujambula timabokosi pa chikatoni. Bokosi loyamba anati ndi khomo, pamene munthu azionera msanga kuti ndife ndani ndipo timachita chiyani. Lachiwiri likhale la zithunzi, mpando usanakonzedwe ndi utakonzedwa, chifukwa pa ntchito ngati yathuyi maso ndiwo amagula. Lachitatu likhale la mahotela ndi maofesi okha, popeza iwo safunsa ngati mayi wa sofa imodzi, amafuna kudziwa ngati tingathe mipando yambiri pakamodzi. Anafunsa zimene anthu amakonda kufunsa, ndipo tinamuuza: kodi mumadzatenga nokha, kodi zimatenga nthawi yaitali bwanji, kodi nsalu ndibweretse yanga. Zonsezo anati tiziyankhe pa tsamba pomwepo, ndipo pakhale malo oti munthu atumizirepo chithunzi cha mpando wake. Mtima wanga unayamba kutenthera. Ndinali nditaiwala kuti munthu angathe kulankhula za shopu yathu ngati chinthu chimene chili ndi mawa.

Kenako anajambula bokosi lina pansi pa onsewo, n'kulizunguza kawiri.

“Misewu yonseyi ikuthera apa,” anatero. “Munthu waona, wakonda, akufuna kufunsa. Ambiri safuna kulemba, amafuna kumva mawu a munthu. Aimbe pa nambala iti?”

“Ya pa chikwangwani,” ndinatero.

“Amayankha ndani?”

Makina a malume anaima. Ine ndinayang'ana pa chikatoni. Ndipo ngati kuti inkamvetsera, foniyo inalira.

Inalira m'thumba la malaya a bambo, mmene yakhala ikukhala kuyambira kale. Anaitulutsa ndi dzanja lamanzere pang'onopang'ono, anadina ndi chala chachikulu, n'kuiika pa khutu. Tonse tinamva kamawu kakang'ono ka munthu wamwamuna kakuti, “Halo? A Masofa? Halo?” Milomo ya bambo inagwira ntchito, mitsempha ya pakhosi inatukuka, kaphokoso kaja kanatuluka. Munthuyo anati halo kachitatu, kenako anadula. Bambo anayang'ana foniyo kanthawi, n'kuibwezera m'thumba. Malume anaponda makina. Ine ndinatola choko chimene sichinagwe n'komwe.

Umu ndi mmene tinkachitira kuyambira pamene anatuluka m'chipatala. Foni ikalira, aliyense ankapeza chochita. Palibe anapangana ndi mnzake, zinangokhala choncho. Madzulo, bambo akamasamba, amayi ankandibera m'foniyo manambala a anthu amene anaimba, ndipo ine ndinkawaimbira mawa lake. Ambiri ankati apeza kale kwina.

Mayi wa webusaiti anandilankhula nditamuperekeza panja, pafupi ndi galimoto.

“Asisi, sindipita m'mbali,” anatero. “Tsamba ndikupangirani labwino, ndipo anthu adzakupezani. Koma walira mvula walira matope. Likayamba kugwira ntchito, foni ija izilira kuposa lero, ndipo izilirira m'thumba lomwe lija.”

“Bambo anga si vuto loti mulikonze,” ndinamuyankha. Ndinapsa mtima, makamaka chifukwa ankanena zoona.

“Sindinati ndi vuto. Ndangoti sindingakuuzeni kuti shopu ikula pamene ndikudziwa kuti anthu azigogoda pa khomo losatseguka. Mukambirane pa banja, mundiuze nambala. Zina zonse ndiyamba.”

Ndinakambirana ndi amayi Loweruka masana, akuchapa malaya a bambo kuseri kwa nyumba. Ndinalankhula motsitsa mawu, chifukwa bambo anali pa khonde ndipo makutu awo sanadwale. Amayi anamva zonse manja ali m'beseni.

“Ukawalande foni?” anafunsa.

“Osati kulanda, amayi. Kuwapempha.”

“Mwana akapempha bambo wake amene sangathe kuyankha, n'kulanda komweko.” Anafinya malaya mwamphamvu kuposa mmene ankafunikira. “Galimoto anasiya kuyendetsa. Sizasi sagwira. Makiyi a shopu uli nawo ndiwe. Chatsala n'chiyani chosonyeza kuti munthuyu ndi mwini wake? Usiku amaitchaja yekha, m'mawa amaiika m'thumba asanavale nsapato. Ukaichotsa ija, wawaika m'manda ali moyo.”

“Nanga shopu ikatsekedwa, azikakhala pa khomo la ndani?”

Amayi anayanika malaya, n'kuwaongola kolala ngati kuti mwini wake ali momwemo. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinadzimvera chisoni inenso, chifukwa tonse tinkanena zoona ndipo zoona zathuzo sizinkagwirizana.

Nzeru inabwera ndi malume, Lolemba, tikutsitsa masiponji. Anati ndigule nambala ina, ndiyo ipite pa webusaiti. Ya bambo ikhale ndi bambo. Anthu atsopano aziimba kwa ine, akale azitha pang'onopang'ono, ndipo foni ya m'thumba idzangokhala chete yokha popanda wina kuikhudza.

“Alamu angawo za intaneti sazidziwa,” anatero malume. “Azingoona ntchito ikubwera, azisangalala. Chimene maso sanaone mtima suwawa nacho.”

Ndinavomera msanga, chifukwa inali njira yokhayo imene sinkafuna kuti ndiime pamaso pa bambo. Ndinagula nambala yatsopano tsiku lomwelo n'kuitumiza kwa mayi wa webusaiti. Iye anangofunsa kuti, “Bambo akudziwa?” Ndinamuyankha kuti za pa banja azisiye pa banja.

Masabata otsatira anali abwino moti ndinayamba kuiwala. Mayiyo anafuna zithunzi za ntchito zakale, ndipo tinatsitsa chibokosi cha nsapato mmene bambo ankasungamo zithunzi za mipando. Kwa nthawi yoyamba chidwalire, anali ndi ntchito. Ndinkawaonetsa chimodzichimodzi, iwo n'kumagogoda ndodo kamodzi ngati avomera, n'kukankha chithunzi ndi chala ngati akana. Anakana sofa ina yobiriwira imene ine ndinkaiona yokongola, ndipo nditayang'anitsitsa ndinapeza msoko wokhota pa mkono wake.

“Umenewo ndinasoka ndine,” anatero malume. “Taonani munthu, mawu alibe koma kunyoza sanasiye.”

Bambo anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope. Sofa yong'ambika mimba ija tinaikonzanso kuti tijambule poyamba ndi pomaliza, ndipo bambo ndi amene anasankha nsalu. Foni inkalirabe nthawi zina, ndipo aliyense ankapezabe chochita.

Tsiku limene mayi wa webusaiti anabwera kudzationetsa zimene wapanga, ndinaika laputopu yake kumapeto kwa tebulo lodulira, kutali ndi khomo. Ndinachita dala. Tisanayambe n'komwe, ndodo inagogoda pansi. Tinayang'ana. Bambo analoza laputopu, n'kudziloza pachifuwa.

“Muone mawa, bambo, zikatha,” ndinatero.

Ndodo inagogodanso. Malume anandiyang'ana, n'kupukusa mutu, ndipo tinawagwira bambo wina uku wina uku mpaka pa tebulo. Mayiyo anawasendezera laputopu n'kukulitsa zilembo.

Linali tsamba lokongola, sindinama. Pamwamba panali dzina la shopu monga mmene lilili pa chikwangwani, koma lowala ngati tsiku limene linalembedwa. Bambo anawerenga mawu aliwonse, chala chikuyenda pansi pa mzere. Anaona mipando yawo, yong'ambika kumanzere, yatsopano kumanja. Anaona tsamba la mahotela n'kukweza zikope. Pa tsamba lonena za ife panali chithunzi chawo chakale, tepi yoyezera ili m'khosi, ndipo anachiyang'ana nthawi yaitali moti mayiyo anachotsa dzanja lake pa laputopu n'kudikira. Kenako anatsikira pansi, pamene panali batani lalikulu lolembedwa kuti Tifunseni, ndipo pansi pake panali nambala.

Chala cha bambo chinaima. Chinabwerera poyambira, n'kuyendanso. Kenako anatembenuka kundiyang'ana.

“Ndi yongoyesera, bambo,” ndinatero.

Sanachotse maso. Bambo anga sanandimenyepo chibadwire, ankangondiyang'ana choncho mpaka bodza litatuluka lokha. Malume anayamba kufunafuna ulusi umene unali pamaso pawo.

“Ndi yanga,” ndinatero. “Ndagula ine. Anthu akaimba kwa inu amadula, bambo, n'kupita kwina. Shopu ikufa. Ndinaopa kukuuzani.”

Mawu amenewo anali asanatulukepo m'shopu muno, ndipo atatuluka ndinalakalaka kuwameza. Nkhope ya bambo sinasinthe. Anayang'ananso pa laputopu, anagogoda nambala ija ndi chikhadabo, n'kupukusa mutu. Anakweza ndodo n'kuloza kunja, kumene kuli chikwangwani.

“Ndiike yanu, bambo?” anafunsa mayi wa webusaiti.

Anagwedeza mutu kuvomera.

Mayiyo anandiyang'ana ine. Anali atandichenjeza kale, ndipo sanabwereze. Ndinaganiza za kalipentala amene anachoka, za mahotela amene adzaimbe kamodzi osaimbanso, za malume amene akalamba moti palibe angawalembe ntchito kwina. Ndinaganizanso za bambo angawa, amene anandiphunzitsa kukoka nsalu mpaka ilire ngati ng'oma. Mumtima ndinatseka shopu pomwepo, ndipo zinandiwawa kwambiri.

“Ikani,” ndinatero.

Anafufuta yanga n'kulemba ya bambo. Bambo anatsatira nambala iliyonse ikamaoneka, ndipo itatha anapuma mozama. Ndinayamba kupinda chikatoni chija kuti manja apeze chochita. Ndiye ndinamva ndodo ikugwa pansi. Bambo anali ataisiya kuti dzanja lipeze mpata. Analowetsa zala m'thumba la malaya, analimbana ndi foni imene inakola pa msoko, anaitulutsa, n'kuiika pa tebulo. Kenako anaikankhira kwa ine.

“Ayi, bambo, ndi yanu imeneyo.”

Anaikankhanso, mpaka inagunda dzanja langa.

“Amayi andipha,” ndinatero, ndikuyesa kuseka. “Sungani. Tipeza njira ina.”

Pamenepo bambo anafuula. Kaphokoso kaja kanatuluka kakakulu kuposa kale lonse, nkhope inafiira, ndipo anamenya tebulo ndi chikhatho mpaka sizasi inadumpha. Analoza foni, analoza pakamwa pawo, n'kuphimba maso ndi dzanja. Mapewa awo ankagwedezeka.

“Landira, mwanawe,” anatero malume motsitsa mawu. “Sukuona kuti yakhala ikuwalemera?”

Miyezi yonseyi ife tinkati tikuwasungira ulemu. Sizinatifikire m'mutu kuti foni ikalira n'kumva munthu akuitana dzina lawo, iwo osatha kuvomera, pamaso pa mwana wawo ndi mlamu wawo amene akunamizira kusoka, munthuyo ankavulidwa tsiku ndi tsiku. Analibe mawu onenera kuti ndilandireni, ndipo ife sitinawafunse, poopa kuwakhumudwitsa. Mwina poyamba ankaifunadi, akuyembekeza kuti tsiku lina mawu adzabwerera pamene ikulira. Sindidziwa pamene anasiya kuyembekeza. Ndinatenga foniyo. Inali yofunda.

Mayi wa webusaiti anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenako anafunsa mwakachetechete ngati tikufuna kusintha china chilichonse, ndipo bambo, atapukuta nkhope ndi mkono wa malaya, analoza kuti abwerere pa zithunzi. Panali mpando umodzi umene ankafuna ukhale woyamba. Tinawabwezera pa khomo, ndinawatolera ndodo, ndipo mayiyo anapita atanena kuti tsamba likhala pa intaneti sabata ikubwerayo.

Foni inalira dzuwa litapendeka, ndikusesa. Inalirira m'thumba la epuloni yanga, koma dzanja la bambo ndi limene linayamba kunyamuka. Linafika pachifuwa, linapapasa thumba la malaya, n'kukhala pomwepo. Malume sanaponde makina. Palibe anapeza chochita.

“Kwa a Masofa, tikuthandizeni,” ndinatero.

“Eee, mwayankha lero!” Anali mayi wachikulire. “Ine ndimafuna mwini wake. Alipo?”

Ndinayang'ana bambo. Anali akundiyang'ana kale, dzanja lidakali pa thumba lopanda kanthu. Ndinadikira kuti andithandize, ndipo anakweza chibwano pang'ono, monga ankachitira ndili mwana pondiuza kuti dula, usaope nsalu.

“Ndine,” ndinatero. “Mwini wake ndine.”

Bambo anatsinzina, ndipo dzanja linatsika pang'onopang'ono mpaka pa bondo. Mayi wa pa foniyo anayamba kufotokoza za mipando yake itatu imene masipuling'i ake atuluka, ndipo ine ndinamupempha abwereze, chifukwa sindinamve.